Zikhomo za Wilbroad M'munda mwa Amama

— Halo? Achimwene a Wilbroad?

— Lenia, mlongo wanga! Mwadzuka bwanji ku Chiparamba?

— Tadzuka. Kaya inu ku Kapata? Alamu? Ana?

— Onse ali bwino. Amama mwendo uja?

— Ukupola. Achimwene, tokotaimu yanga ndi yochepa...

— Dikira, ndikuuze kaye. Mzinda wanga wa m'mutu uja ndatsala pang'ono kuumaliza. Mopanda khansolo, mopanda msonkho, mopanda mfumu. Munthu ndi malo ake, palibe womufunsa. Aphunzitsi anzanga dzulo anatsutsa mpaka belu kulira.

— Ndiye nkhani yake imeneyo. Zikhomo zija munakhoma m'munda mwa amama pa holide...

— Ndinkangoyeza kukula kwa misewu, kuti mapu aoneke enieni. Masewera chabe.

— Munazizula?

— Halo? Ukuduka.

— Ndati munazizula?

— Ndinaiwala.

— Kuno munthu akaona zikhomo m'munda amadziwa kuti mapuloti akugulitsidwa. Anthu akhala akubwera kudzafunsa. Amalume a Goodson anawalandira.

— Anawalandira bwanji?

— Agulitsa anayi. Lero m'mawa lole yakhuthula mchenga pa nshawa za amama. Zinali zitayamba maluwa.

— Iwe Lenia, sunawauze kuti ndi za papepala?

— Ndinawauza. Anati mwana wophunzira sangakhome zikhomo pachabe. Pepala lanu lija munawawerengera pakhonde analisunga. Akuti munanena nokha kuti mwini malo safunsa munthu.

— Koma mwini munda ndi amama.

— Amama amangolima. Mwini mbumba ndi amalume, kalata ya malo ili m'dzina lawo. Mukudziwa.

— Ndibwera Loweruka, ndikazule zonse.

— Muzula chiyani? Wina wakumba kale maziko.

— Ndiye... ndiye ndilankhula nawo amalume.

— Sakuyankha foni ya aliyense. Ine ndalira mpaka ndatopa, achimwene. Chaka chino tidya chiyani?

— Sindikudziwa, mlongo wanga. Mutu waima. Amama ali kuti?

— Ali pompano, akhala pa mulu wa mchenga. Akana kuchoka. Akuti ndikufunseni.

— Chiyani?

— Akuti mumzinda mwanumo, nkhalamba ikalandidwa munda imakadandaula kwa ndani?

— Kwa ndani...

— Halo? Mukundimva?

— Ndikukumva.

— Ndiwayankhe chiyani? Foni ikutha.

— Gawo limenelo sindinalembe, Lenia.

— Ndiwauze choncho?

— Ayi, usawauze. Uwauze kuti... Halo? Lenia? Halo?