Mwala m'keke ya apongozi

Abusa, akulu ampingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ine ndine Naphiri wa ku Chezi konkuno, uja wa makeke. Ena munadyapo keke yanga. Ena munangoiona, chifukwa sinali yodya. Musaseke, ndifotokoza.

Nthawi ija ufa wa tirigu unali wosowa. Pa ukwati makeke enieni ankakhala atatu: yodula, ya makolo a mkwati, ya makolo a mkwatibwi. Enawo anali ongodzazira tebulo. Ndinkawapanga ndi fomu, zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a wailesi. Ndinkapempha kusitolo. Fomu umasankha yolimba, ya timibulu ting'onoting'ono, yofewa imayoyoka. Umamata ziwiri kapena zitatu, kuikapo mbale, kudula mozungulira ndi mpeni wotenthetsa pa makala. Kupala m'mbali ndi sandipepa, kupukuta fumbi, kupaka choyera cha dzira kuti shuga agwire. Koma kwathu kuno kuli mphepo. Keke ina yotere inandiulukira patebulo ku Nachisaka, ndiye ndinayamba kuboola pansi n'kulowetsamo mwala. Ikalemera choncho simungaisiyanitse ndi yeniyeni. N'chifukwa chake kunsi kwa thabwa lake ndinkalembako mtanda ndi khala.

Amuna anga anali aphunzitsi. Anadwala masiku anayi basi, mu Marichi, n'kupita. Abale, sindinalire. Pamaliro amayi ankanditsina, ati lirani, anthu akukuonani. Misozi osatuluka. Ndinkasesa, ndinkaphika, ndinkabwera kudzakhala pa benchi ilo. Chisoni ayi, mkwiyo ayi. Ndinangokhala.

Mu Ogasiti Esinati, mwana wa mchimwene wanga, ankakwatiwa ndi mnyamata wa kwa Msakambewa. Anati, "Azakhali, keke ndi inu." Ndinati chabwino. Manja ankangogwira okha. Mtanda uja sindinalembe. Sindinganene kuti ndinaiwala, chifukwa amaiwala ndi munthu amene mutu ukuyenda.

Tsiku la ukwati Esinati anagwada, n'kupereka keke kwa apongozi ake, a Nankhoma. Analandira ndi nthungululu, n'kusenza ulendo wa kwawo. Kumeneko anaitana abale onse kuti alawe. Mpeni kulowa, fomu. Kukankha, mwala.

Sabata isanathe Esinati anatulukira ndi sutikesi. Amubweza! Ati kwanuko mwatipatsa mwala wokutidwa ndi shuga, mwapangamo mankhwala anji? Mukufuna kupusitsa mwana wathu? Ankhoswe anapitako kawiri, sanapatsidwe ndi mpando womwe. Mwanayo anakhala pakhomo panga akulira.

"Azakhali, ndinakulakwirani chiyani?"

Ine ndinangomuyang'ana. Kenako ndinamufunsa ngati wadya. Mukumva, abale? Banja la mwana likutha chifukwa cha ine, ine ndikufunsa zakudya!

M'chipinda mwanga munali mzere wa nyerere wotsika pa shelefu pomwe ndinkasunga makeke a fomu. Ndinauona masiku ambiri, ndinkangoulumpha. Amene anawerama kuziyang'ana ndi Esinati. Anati, "Azakhali, nyererezi zanyamula nyenyeswa zofiirira. Fomu ili ndi nyenyeswa zofiirira?" Keke ya apongozi ake inali pamenepo, pakati pa zabodza, masiku onsewo.

M'mawa mwake ndinaisenza pamutu. Pamsewu anyamata achipani anandiimitsa kufunsa khadi. Ndinawaonetsa, ndinapitirira. Sindinakonze zokanena. Sindinapemphere n'komwe, ndisakunamizeni.

A Nankhoma ndinawapeza akutong'ola chimanga. Sanandipatse mphasa. Ndinatula pamaso pawo n'kukhala padothi.

"Yanu ndi iyi. Mwala ndinaika ndine, chifukwa cha mphepo. Mwanayo alibe mlandu."

Anatenga mpeni n'kudula. M'kati munali keke, yayamba nkhungu, nyerere zili mbwee. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Munthu wa ntchito yake, asokoneza bwanji chonchi?"

"Amuna anga anamwalira mu Marichi. Kuchokera pamenepo sindidziwa chimene ndikuchita."

A Nankhoma anaika mpeni pansi.

"Munalira?"

"Ayi."

"Ine anga atapita ndinabzala munda umodzi kawiri, osadziwa. Chimanga chinamera chothinana ngati udzu, anthu ankaseka." Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mphasa. "Khalani apa. Mukamuuze mwanayo amange katundu. Iyayi, musamuuze. Ndinamubweza ndine, ndikamutenga ndekha."

Tinayenda limodzi mpaka ku Chezi, iwo patsogolo ine pambuyo. Esinati atawaona anafuna kuthawira kuseri. Iwo anangonyamula sutikesi ija n'kusenza.

Abale ndi alongo, zimenezo sindinachite ndine. Ine ndinapita wopanda mawu, wopanda pemphero. Mulungu anali atakonzeratu munthu wodziwa matenda anga. Ndikumuthokoza. Ndikumuthokoza chifukwa cha banja la mwana uja.

Lero Esinati ali kwa amuna ake, ana atatu. Makeke ndikupangabe, ndipo ya makolo ndimaibaya ndi kamtengo mkwatibwi akuona. Kunena kuti ndinachiriratu, ayi. Masiku ena ndimadzukabe chimodzimodzi. Koma a Nankhoma amabwera mwezi ndi mwezi. Timakhala pakhonde, iwo agwira fomu, ine ndikudula. Nthawi zina dzuwa limapendeka tisanalankhule kanthu, kenako amatsanzika n'kumapita.

Muzitipempherera tonse awiri. Amen.