Mashoki Awiri Okha

Pa siteshoni ya minibasi ku Chongwe, mwamuna wina anakumbatira mashoki awiri a galimoto ngati khanda. Bambo wachikulire amene anakhala naye pabenchi analephera kupirira.

"Mwana wanga, motoka ili na mawilo anayi. Iwe wagula mashoki awiri?"

"Awa ni orijino, atate. Enawo nizagula nikakolola."

"Ndalama imeneyo mu tauni ukanatenga anayi, na chenji pamwamba."

"Otchipawo ninayesa kale. Motoka yanga ya Alteza inayamba kulumpha monga chule mu mseu wa ku Kanakantapa. Tsiku lina ninanyamula apongozi, matileyi atatu a mazira ali pamiyendo pao. Tisanafike pa tala, chitenge chao chonse chinali chachikasu. Mpaka lero saniyankha moni."

"Motoka ya liwiro mu fumbi? Gulitsa, ugule vani."

"Sinigulitsa! Ikhale pa njerwa mpaka Juni."

"Nkhuku zizayamba kuikiramo."

"Ziikire! Mazira amenewo niye nizanyamula tsiku loyamba, apongozi ali kutsogolo. Likasweka limodzi chabe, atate, mubwere mutenge makiyi."