Phulusa la Mayi Vera ndi Kudikira kwa Bambo Mkwapatira

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1944 m'mudzi mwa Chimphalika, kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, ndipo anabatizidwa dzina la Dunstan Ambrose Mkwapatira. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu ya pulayimale anaphunzira pamishoni, ya sekondale ku Zomba, ndipo mu 1966 anayamba ntchito yojambula mapu ku Blantyre.

Mu 1970 anamanga banja ndi mayi Getrude, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Mose, Yamikani ndi Sungeni. Mayi Getrude anatisiya mu 1984. Malemu analera anawo okha, ndipo mu 1988 anabwera nawo kuno ku Nairobi atapeza ntchito ku Gigiri. Anakhala ku Lang'ata, m'nyumba yomwe ambiri a inu munamweramo tiyi.

Mu 1991 mu ofesi mwawo munabwera mayi Vera, katswiri woyeza madzi a m'mitsinje, ochokera m'mudzi wina kufupi ndi mzinda wa Brno m'dziko la Czech. Awiriwa anadziwana chifukwa cha bowa. Mayiwa ananena kuti kwawo mwana aliyense amadziwa bowa wodyedwa ndi wakupha, malemu n'kuyankha kuti mzungu sangaphunzitse munthu wa ku Dedza za bowa. Anapangana zokayesana m'nkhalango ya Ngong Loweruka lina. Anabwerako madzulo dengu lili pafupifupi lopanda kanthu, ndipo palibe anafotokozapo chomwe chinawachedwetsa. Anakwatitsa ukwati wawo mu Febuluwale 1993, patangotha mwezi dziko la kwawo kwa mayiwa litagawika pawiri. Malemu ankaseka kuti anafunsira mkazi wa dziko lina n'kukwatira wa dziko lina.

Nyumba ya ku Lang'ata inasintha. Aliyense, ngakhale bambo mfumu, ankavula nsapato pakhomo. Khirisimasi ikayandikira, monga achitira kwawo kwa mayi Vera, m'bafa munkasambira nsomba yamoyo kudikira tsiku lake lophikidwa, ana akusambira m'beseni panja. Pakalendala ya Atcheki tsiku lililonse lili ndi dzina la munthu, ndipo mwini dzinalo amalandira mphatso. Dunstan panalibe, koma Ambrose analipo pa 7 Disembala, choncho malemu anayamba kulandira keke kawiri pachaka. Zopita kukaona dzikolo ankangoti adzapita akapuma pantchito.

Pa 21 Epulo 1998 mayi Vera anamwalira ndi khansa. Asanatsirizike anapempha kuti thupi lawo litenthedwe monga achitira ambiri kwawo, phulusa likaikidwe pamanda a mayi awo. Ena muli pano mukukumbukira mmene nkhaniyi inatiwawira, ndipo ena simunabwere kumaliroko. Malemu anachita zomwe analonjeza, kenako anauza aliyense, ndi ana omwe, kuti phulusalo latumizidwa. Lero banja lagwirizana kuti mudziwe zoona. Phulusalo silinapite. Linakhala m'kabati ya zovala, m'kamtsuko kokulungidwa ndi chitenje, zaka zisanu ndi zitatu.

Malemu anali Mchewa, ndipo kwa iwo mkazi ali ndi eni ake. Mkamwini sanyamula maliro kupita nawo kuchikazi asanaitanidwe, ndiponso sachoka pakhomo asanasudzulidwe. Mwini mbumba anali mchimwene wa mayi Vera, bambo Jaroslav, omwe anapuma pantchito yoyendetsa sitima. Malemu anawalembera kalata yofotokoza matenda onse, n'kumaliza ndi mawu oti akudikira kumva kwa iwo. Yankho linabwera la chipepeso chokhachokha. Chaka ndi chaka pa Khirisimasi kunkafika khadi ya chithunzi cha chipale chofewa ndi kaphukusi ka bowa wouma, koma za phulusa osatchulamo. Malemu anaganiza kuti alamu awo ali ndi mkwiyo, kuti mlongo wawo anafera kutali m'manja mwa mlendo.

Mu 1999 anayamba kuphunzira Chitcheki, kuti tsiku lomwe adzaitanidwe adzapepese ndi pakamwa pawo, osati kudzera mwa womasulira. Ankamvera makaseti m'galimoto pamndandanda wa magalimoto wa m'mawa pamsewu wa Lang'ata, akutafuna mawu opanda mpata wopumira, mpaka makondakitala a maminibasi aja otchedwa matatu ankawasuzumira. Ankadandaula kuti m'Chitcheki dzina limodzi limasintha kasanu ndi kawiri ngati munthu wothawa mlandu. Anawerenga mabuku onse omwe mayi Vera anasiya. Anajambula ndi manja mapu a mudzi womwe sanauonepo, kuyambira pasiteshoni ya sitima mpaka pachipata cha manda. Koma kuitana kuja sikunabwere.

Anapuma pantchito mu 2004. Nyumba ku Dedza inali yomalizidwa, ana anawachonderera kuti abwerere kumudzi, iwo n'kumangoti nthawi sinakwane. Tinkati ndi makani a ukalamba. Mu 2005 anapezeka ndi matenda a mtima, ndipo zinaoneka kuti asamukire ku Ruaka, kufupi ndi Nairobi konkuno, kwa mwana wawo Sungeni. Polongedza katundu ndi pomwe Sungeni anamasula chitenje chija. Malemu sanakane. Anakhala pabedi n'kunena kuti, "Mwanawe, ndatopa. Amenewo ndi mayi ako. Eni ake sanandiitane."

Chaka chathunthu ana analimbana nawo kuti apite osaitanidwa. Dokotala anawauza mosabisa kuti akadikiranso chaka china, ndege sadzaikweranso. Kumapeto kwa Okutobala 2006 anavomera, ndipo ananyamuka ndi Sungeni, kamtsuko kali pamiyendo njira yonse. Atatsika sitima sanafunse njira kwa munthu. Anayenda pang'onopang'ono, akupumira pamipanda ya anthu, mpaka pakhomo la bambo Jaroslav. Anavula nsapato panja pozizira, anagwada pakhonde, n'kuyamba kupepesa m'Chitcheki ndi mawu omwe anawaloweza kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Sanamalize. Bambo Jaroslav, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, anawadzutsa ndi manja awiri ali ndi mantha, poganiza kuti mlendo wakomoka. Atakhala pansi m'nyumba ndi pomwe zinamveka. Kwawoko phulusa la mkazi ndi la mwamuna wake. Kulipempha kukanakhala kulanda wamasiye chotsala chake chokha. Iwo ankati alamu awo a ku Africa akulephera kusiyana ndi mkazi wawo, ndipo ankatumiza bowa uja kuti adziwe kuti palibe akuwafulumiza. Sungeni akuti kenako bambo Jaroslav anatsanulira kachasu wa zipatso zotchedwa mapulamu m'timatambula tiwiri, ndipo malemu, omwe dokotala anawaletsa, anamwa.

Pa 2 Novembala, tsiku lomwe Atcheki amakayatsa makandulo pamanda a abale awo, mayi Vera anaikidwa pambali pa mayi awo. Manda onse anali kuwala, mabanja akusesa masamba ndi kuika maluwa. Potuluka pachipata malemu anaima n'kupempha kuti asudzulidwe. Bambo Jaroslav sanadziwe kuti n'chiyani. Malemu anachita kuwauza mawu ake limodzilimodzi m'Chitcheki, iwo akubwereza: kuti mkamwini uyu anasamala mlongo wathu, alibe mlandu, apite kwawo. Zometa tsitsi anazisiya, poti onse awiri anali adazi.

Malemu anabwerako atatheratu mphamvu, koma kwa nthawi yoyamba anayamba kufunsa za mvula ya ku Dedza ndi mbewu ya mbatatesi. Ulendo wobwerera kumudzi anaukonza kuti udzachitike mu Meyi chaka chino. Pa 3 Malichi anagonekedwa m'chipatala, ndipo pa 14 Malichi 2007, nthawi ya 10 koloko m'mawa, anatsikira kulichete ali ndi zaka 62.

Malemu asiya ana atatu, a Mose, a Yamikani ndi a Sungeni, zidzukulu zisanu, alongo awo mayi Flossie omwe akutidikira ku Bembeke, ndi alamu awo bambo Jaroslav, omwe alephera kubwera chifukwa cha miyendo koma aimba lamya kawiri.

Banja likuthokoza bambo mfumu ndi akhristu a mphakati wathu, madokotala ndi anamwino, anzawo a ku Gigiri, amayi a Chimalawi omwe mwagona pasiwa masiku onsewa, ndi anansi athu a ku Kenya omwe mwatipepesa ngati abale. Inu omwe munakhumudwa mu 1998 koma lero mwabwera, zikomo kwambiri. Thupi linyamuka Lachisanu m'mawa kupita ku Lilongwe, ndipo mwambo woika m'manda udzachitika Loweruka kwa Chimphalika.

Bambo Mkwapatira, palibenso woti mumudikire. Pitani kwanu, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.