Woyenda Naye ku Natuseko

M'mawa pa siteji ya ku Natuseko, mayi wina wonenepa anaisiya minibasi ipite, nakhala pabenchi akupuma movutikira. Mayi wachikulire amene anali pambali pake anamufunsa:

"Bwanji simunakwere, amayi? Malo analimo."

"Lero ndayamba kuyenda wapansi. Adokotala akuti ndikapanda kuchepetsa thupili, mtima utopa. Zaka khumi ndikumwa matiyi oondetsa, palibe chasintha."

"Mwachokera kutali?"

"Kuseri kwa msikaku, koma miyendo yakana kale. Komanso ndekha ndimachita manyazi, anthu amandiyang'anitsitsa."

"Ine ndimayenda m'mawa uliwonse kupita ku Misa, pang'onopang'ono chifukwa cha bondoli. Mawa mundidikire pano, tidzapitire limodzi."

"Ndidzakuchedwetsani, amayi."

"Musadandaule, mwanawanga. Chiyambire kudwala bondoli, Misa sindinaipezepo ikuyamba. Wansembe anandizolowera."