Bokosi Lofiira la a Gayheart

Loweruka, 17 Meyi

Muli pa wailesi yanu ya m'mapiri muno, ndipo nthawi ya zilengezo yakwana. Tcherani khutu, mwina dzina lanu lilimo.

A Burchell Gayheart, eni masitolo atatu a matayala ku Lick Branch, Hazel Gap ndi Red Mill, akudziwitsa aliyense wa magazi a Gayheart, kaya ali ku Kentucky kuno, ku Ohio kapena ku Michigan, kuti Lamulungu pa 25 Meyi, tsiku loika maluwa kumanda a banja, asangobwera ndi nkhuku yokazinga, abwerenso ndi malovu.

Nkhani yake nayi. Mng'ono wawo Orvis, amene wayendetsa basi ya ana a sukulu nambala 14 kwa zaka 22, analandidwa makiyi a basiyo mu Febuluwale atagonekedwa kachitatu ndi matenda otupa kapamba. Wina ananong'oneza komiti ya sukulu kuti amenewo ndi matenda a zidakwa. Mawu omwewo ndi amene anaperekeza bambo awo, malemu Estill, kumanda. A Burchell akuti iwo anagwira ntchito pa zitsime za mafuta ku Alaska ndi ku Kuwait, zidakwa anaziona za mitundu yonse, ndipo Orvis ndi munthu wa khofi basi.

Atagogoda zitseko za madokotala m'mizinda isanu, anapeza Dokotala Anjali Raman a ku yunivesite. Iwo akufufuza keratini, chinthu chopanga tsitsi ndi zikhadabo chimene mtundu wake wina umapezekanso m'kapamba, kuti aone ngati kusiyana kwake kotengera kumtundu kuli ndi mbali pa matendawa. Adokotalawo abwera okha kumandako, ndipo aliyense adzalavulira m'kabotolo. Theka la ola musanalavule musadye, musamwe, ndipo msuweni Dewey Amburgey achotse fodya m'tsaya.

Chilengezochi chachokera kwa Burchell Gayheart, amene anayamba ndi tayala limodzi lotola mumtsinje.

Lolemba, 26 Meyi

A Burchell Gayheart akuthokoza abale 63 amene dzulo anaima pamzere, chakudya chikuzizira pamatebulo. Akuti anaonapo mizere ya anthu ku Cairo ndi ku Manila, koma wokongola chotere ayi. Akuthokoza makamaka azakhali awo, mayi Verlie Amburgey a zaka 88, amene poyamba anakanitsitsa.

"Iwe Burchell, ine ndilavule pamaso pa abusa? Mutu wako wadazi uja walowa dzuwa?"

"Azakhali, n'za Orvis izi."

"Bweretsa kabotoloko. Koma kamodzi kokha, wamva? Ndipo nonse muyang'ane kumbali."

Tsopano vuto ndi ili. Timabotolo tonse tinaikidwa m'bokosi lofiira loziziritsira zakumwa, ndipo kumandako mabokosi ofiira analipo khumi ndi anayi. Limene adokotala anafika nalo kuntchito kwawo linali ndi saladi ya mbatata. Amene mwatenga la malovu, chonde imbani ku sitolo ya matayala ya ku Lick Branch. Adokotala sangabwerenso kudzatenga malovu chaka chino, azakhali sangalavulenso, ndipo popanda bokosilo Orvis alibe choikira kumbuyo dzina lake.

Chilengezochi chachokera kwa Burchell Gayheart.

Lachiwiri, 27 Meyi

A Dewey Amburgey a ku Hazel Gap akudziwitsa msuweni wawo Burchell kuti mtima ukhale pansi, bokosi lili kwa iwo. Akuti anapita nalo kodziwedzera nsomba poganiza kuti muli zakumwa. Atamva chilengezo pagalimoto anathamanga kukaonamo, n'kupeza kuti pamwamba pa banja lonse anali ataikapo kale milamba iwiri. Timabotolo tonse 63 n'totseka bwino, kungoti tikununkha mlamba. Akupempha kuti wowabwezera saladi ya akazi awo afulumire, chifukwa panyumba sipali bwino.

Chilengezochi chachokera kwa Dewey Amburgey, amene akuti wosapaka dzina pabokosi ndiye wolakwa.

Loweruka, 8 Novembala

A Burchell Gayheart akudziwitsa abale, abwenzi, ndiponso uja ananong'ona uja, kuti Lachinayi komiti ya sukulu inakhala pansi, ndipo holo inadzaza mpaka ena anamvetsera pamawindo.

Dokotala Raman, atalandira chilolezo cha banja, anafotokoza kuti mwa anthu 63 aja, asanu ndi awiri anadwalapo kapamba, ndipo onsewo keratini wawo ndi wosiyana ndi wa anthu ena. Wapampando, a Virgil Stamper, anafunsa: "Ndiye keratiniyo ndi amene akuwadwalitsa?"

"Sitinafike ponena motero," anayankha adokotala. "Alipo anayi amene ali naye koma sanadwalepo, choncho kafukufuku akupitirira. Chimene ndingasainire lero n'chakuti matendawa akuyenda m'magazi a banjali, ndipo m'magazi a bambo Orvis sitinapezemo chizindikiro cha mowa."

A Stamper anayamba kukanda m'mutu, amvekere nkhaniyi iyambe yadikira chaka chamawa. Apo m'pamene mayi Verlie anadzuka ndi ndodo yawo.

"Virgil, mmodzi mwa asanu ndi awiriwo ndine. Matenda amenewa anandiyamba ndili ndi zaka 19, ndipo Sande sukulu ndaphunzitsa zaka 60. Tandiyang'ana, undiuze kuti ndine chidakwa. Ndinakusinthapo matewera iwe!"

Makiyi anatuluka m'thumba la a Stamper anthu asanamalize kuseka. Orvis anawalandira ndi manja awiri, ndipo a Burchell akuvomera kuti iwo, amene sanalire pomwe chimphepo chinawakutira panyanja ya Bering, analira.

Choncho makolo onse a ku Lick Branch ndi Red Mill adziwe kuti Lolemba pa 10 Novembala basi nambala 14 ifika nthawi yake yakale, 6:40 m'mawa. Ikamakhota pa manda a banja idzaliza hutala katatu. Musadzidzimuke, uthengawo si wanu.

Chilengezochi chachokera kwa Burchell Gayheart, mwana woyamba wa Estill Gayheart, bambo amene sanalawepo mowa.