Dzina la Mpunga wa Mayi Clotilda

Olemekezeka oimira Bwanamkubwa wa boma la Chikwawa, oimira Mfumu Yaikulu Makhuwira pamodzi ndi mafumu onse, atsogoleri a mipingo, wapampando wa gulu la alimi a mpunga Mayi Esinala Lorenso, amayi ndi abambo, landirani ulemu wanga.

Wotsogolera mwambo wanditchula kuti loya wa zizindikiro za malonda ndi umwini wa luso. Sananame, koma akuluakulu mwakhala kutsogoloku mukundidziwa: ndine Lilian, mwana wa malemu Mayi Clotilda, uja ankaingitsa mbalame m'munda wa mpunga kwinaku akulira. Musaseke, a Feston, tinkalira limodzi.

Mayi anga ankagulitsa mpunga pamsika, ndipo aliyense akagula ankamuuza kuti "Takhuta," monga timathokozera m'Chisena. Alendo ochokera kumtunda ankadabwa: "Mayiwa akhuta chiyani, wogula ndili ine?" Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, koma dzina linamera pomwepo, ndipo anthu ankafika akufunsa mpunga wa Takhuta. Masiku amenewo ndimawasowa, ndi kutentha kwake komwe.

Mayi atatisiya, gulu lanuli linapempha dzinali ndipo banja lathu linavomera. Posakhalitsa wamalonda wina wa m'tauni anayamba kulisindikiza pamatumba a mpunga wosweka, wamiyala, ogula n'kuyamba kukukayikirani. Titamutengera kukhoti, loya wake anati takhuta ndi mawu ongonena za kudzaza mimba, ndipo lamulo silipatsa munthu umwini wa mawu ongofotokoza katundu. Pa lamulopo sanalakwe. Analakwa pa chilankhulo. Ndinauza khoti kuti kwathu kuchigwa mawuwa sanena za mimba, ndi mawu othokoza a mayi mmodzi kwa ogula ake, ndipo ndi amene anthu akhala akuzindikirira mpunga wa kuno. Ndateteza mayina a makampani akuluakulu osagwedezeka, koma tsiku limenelo ndinaopa, poti tikanagonja, mukanafufuta mawu a mayi anga pamatumba anu.

Tinapambana, ndipo dzinali linalembetsedwa kuti ndi lanu. Komabe, Mayi Esinala, ndikuuzeni monga mwana wanu: lamulo limaletsa wakuba dzina, koma silipeta mpunga. Mukalola mwala umodzi kulowa m'thumba, wogula sadzatukwana loya, adzatukwana mayi amene sangathenso kudziyankhira. Ine mbali yanga ndagwira; malichero ali m'manja mwanu.

Mayi anga sankatha kulemba, ndipo zimandiwawa kuti sanaone mawu awo atasindikizidwa. Choncho ndikupempha amayi amene munkagulitsa nawo pamsika paja muimirire, mubwere tigwire lumo limodzi, tidule riboni. Ndi mtima wodzala, ndikulengeza kuti nyumba yopunthira ndi kulongedza mpunga ya gululi yatsegulidwa lero.

Zikomo kwambiri.