Kambale ka Mkuwa ka Bambo Sadik Iddi

Malemu bambo Sadik Iddi anabadwa pa 9 Malichi 1968 kuno ku Lungwena. Pulayimale ndi madrasa anaphunzira konkuno, sekondale ku Mangochi, ndipo mu 1993 anamaliza maphunziro a zamagetsi ku Blantyre. Mu 1996 anamanga banja ndi mayi Ajira, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Naima.

Ntchito yawo mu mzindamo inali yopanga ma eliyo a mafoni ndi intaneti. Enafe eliyo timaidziwa ngati waya pa nsungwi, koma yawo inali kambale ka mkuwa kopyapyala, kosaposa bokosi la machesi. Tinkawaseka kuti anzawo akumanga zikuluzikulu, iwo sukulu yonse ija yathera kuchepetsa zinthu. Sankakwiya. Ankangotifotokozera kuti kambaleko ukakadula mopitiriza pang'ono pokha, kamagontha.

Mu 2014 mayi Ajira anatisiya. Mu 2017 Naima anapita ku Joni atasemphana mawu ndi bambo ake, omwe sankafuna kuti apite. Malemu anasiya ntchito n'kubwerera kuno kudzakhala okhaokha. Nthawi imeneyo netiweki tinkaipeza pa chulu cha kuseri kwa mzikiti, ndipo tsiku ndi tsiku ankakwera pamenepo, foni ili m'manja, kudikira mwana. Miyendo itayamba kutupa ndi matenda a shuga mu 2021, anapanga kambale kena, anakakhoma padenga, n'kukalumikiza ku kamakina kogawa netiweki pakhonde.

Tisabise abale, tonsefe tinaimbirapo ana athu pakhonde limenelo. Tikatha kuseka ndi athu tinkatsanzika n'kumapita, eni khonde n'kutsala ndi foni yosalira. Zimenezi zikutipweteka lero.

Anagonekedwa m'chipatala ku Mangochi pa 2 Juni 2024, ndipo amwalira dzulo, pa 11 Juni. Asiya mchemwali wawo mayi Tatu, mwana mmodzi, ndi mdzukulu amene sanamuonepo.

Tikuthokoza a Shehe, madokotala, osambitsa thupi, okumba manda ndi amayi onse amene agona pano. Monga mwa chipembedzo chathu, maliro sadikira wakutali, choncho Naima safika. Koma m'mawa uno foni ija yalira. Ndi iyo taiika pa mpando wawoyo, ndipo mbiri yonseyi mwanayo akuimva kudzera m'kambale ka bambo ake.

Allah awakhululukire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.